Thupi likamatentha osamva LA, pemphani amvetsere mtima

Ndikulemba izi chifukwa cha inu amene muli ndi m'bale yemwe thupi lake likungotentha, kuzizirako pang'ono, n'kuyambiranso, mwezi kutha wina kulowa. Kuno ku Salima, makamaka ife a m'mbali mwa nyanja, thupi likatentha sitifunsa kawiri, timadziwiratu kuti ndi udzudzu. Nthawi zambiri timakhaladi tikulondola, chifukwa udzudzu wa ku Senga Bay ndi wa m'minda ya mpunga ku Lifuwu si wamasewera. Koma pali nthenda ina imene imabisala kuseri kwa malungo, kuseri kwa TB ndi kuseri kwa kuchepa magazi. Mabakiteriya amalowa m'magazi, n'kukakhazikika pa mavavu a mtima, tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndi kuyamba kuswana pomwepo. Madokotala amaitchula kuti infective endocarditis. Mng'ono wanga anaidwala ali ndi zaka 19. Ali moyo, koma inatsala pang'ono kutilanda mwana tikuona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zinayamba m'dzinja, mvula itakhazikika. Mtsikanayu amakhala ndi amayi kumudzi kufupi ndi nyanja, ndipo ndiye ankawathandiza kuyanika usipa pa thandala ndi kukautula kwa ogula. Anayamba kudandaula mutu, kuphwanya m'thupi ndi kuzizidwa madzulo. Kuchipatala chaching'ono chakwathuko anamubaya pachala, kapulasitiki koyezera kaja n'kuonetsa mizere iwiri. Anamupatsa LA ndi panado. Anamwa bwinobwino mpaka kumaliza, thupi linazizirako, koma pasanapite nthawi linayambiranso. Atabwerera, mizere inatulukanso iwiri.

Chimene ndinadzamva pambuyo pake, ndipo ndikufuna aliyense achidziwe, n'chakuti kachipangizo koyezera malungo pachala kamatha kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira kale, chifukwa kamagwira zotsalira za tizilombo m'magazi. Komanso kuno kunyanja anthu ambiri timayenda ndi tizilombo ta malungo m'thupi koma osadwala. Choncho mizere iwiri imakuuzani kuti tizilombo ta malungo tilipo kapena tinalipo, koma sikuuzani kuti ndito tokha tikutenthetsa thupilo. Sindikudandaula ndi amene anamuona koyamba. Munthu amene ali ndi mzere wa odwala wofika mpaka pansi pa mtengo, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi malungo enieni, ayambira pa chimene chili chofala. Vuto ndi lakuti nthenda ya mtimayi poyamba siibwera ndi chizindikiro chake chakechake.

Kuchokera apo kunali kuyendayenda. Kukiliniki ina yolipira anati mwina ndi typhoid, n'kumupatsa maantibayotiki a masiku ochepa. Anapezako bwino. Atatha, thupi linatenthanso. Achibale ndi anansi nawonso sanakhale chete, aliyense ankabwera ndi chake: wina makapisozi a amoxicillin ogula pa okala, wina bactrim wotsala kwa mwana wake. Onsewa ankachita chifukwa cha chikondi. Ndipo nthawi iliyonse akamwa, thupi linkazizira ndithu kwa kanthawi, ndiye aliyense ankaona ngati mankhwala ake ndiwo agwira. Chimene chinkachitika n'chakuti mankhwalawo ankangofooketsa mabakiteriya oyandama m'magazi, koma aja okhala pa vavu, atakutidwa ndi timagazi toundana, sankawafikira mokwanira.

Anayamba kuonda. Masiketi ake ankachita kuwamanga ndi lamba. Usiku ankatuluka thukuta mpaka chitenje chofunda kunyowa, amayi n'kumachita kumusinthira pakati pa usiku. M'maso ndi m'manja munayera. Apa ndiye aliyense anati ndi TB, ndipo kunena zoona zizindikiro zake zinali zomwezo. Anapereka makhololo, anawayeza pamakina a GeneXpert, sanapeze kanthu. Anamuyeza HIV, analibe. Magazi anapezeka ochepa, anamupatsa mapilitsi owonjezera magazi. Chilichonse chimene ankayeza chinkatuluka bwino kapena chinkafotokoza mbali imodzi yokha, pomwe mwana akunka nafooka. Kumudzi, zinthu zikafika pamenepa, mukudziwa zimene zimayankhulidwa. Agogo ena anati kuchipatala sangaione chifukwa ndi ya anthu, ndipo anakamutemera mphini pachifuwa. Sindinyoza agogowo, anali ndi mantha ngati tonsefe. Koma kwa munthu amene vavu yake ndi yowonongeka kale, bala lililonse lapakhungu lochekedwa ndi lumo losaphikidwa ndi khomo lina lolowera mabakiteriya.

Tsiku lina atabwera kwanga kutauni anandiuza kuti, “Achemwali, kamtunda kaja kochokera kunyanja masiku ano ndimapumira panjira. Mtima umagunda mpaka m'makutu.” Usiku womwewo ndinaona kuti sakufuna kugona chagada, anasanja mapilo ndi zovala kumsana kuti agone chokhala. M'mawa mapazi anali otupa, ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Tinapita kuchipatala cha boma, ndipo ndinatenga buku lake lakuchipatala, lakale long'ambika chikuto lija pamodzi ndi latsopano.

Amene anatithandiza tsiku limenelo anali a clinical officer achikulire ndithu. Anayamba ndi kuwerenga mabuku onse awiri tsamba ndi tsamba, osafulumira. Ataona LA wobwerezabwereza, maantibayotiki osiyanasiyana ndi makhololo opanda kanthu, anatseka bukulo n'kutenga chomvetsera chawo. Anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kenako anamuuza kuti agone chammbali, kumanzere, n'kuika chomvetseracho pansi pa bere mpaka cha kukhwapa. Anaitana mnzawo kuti adzamvenso. Anatiuza kuti pakati pa kugunda kwa mtima pakumveka phokoso la fuu, fuu, kusonyeza kuti magazi akubwerera m'mbuyo pa vavu ina. Kenako anamugwira manja n'kuyang'ana zikhadabo chimodzichimodzi pawindo pamene panali kuwala. Pansi pa zikhadabo zina panali timizere tofiirira, tating'ono, toimirira motsata chala. Kunsonga kwa chala china kunali kachotupa kofiira kamene atakadina anakuwa. Ife tinkaona ngati analasidwa ndi minga ya nsomba. Anapapasa m'mimba kumanzere n'kupeza kapamba watupa, ndipo mkodzo utayezedwa munapezeka timagazi tosaoneka ndi maso.

Atatero anatembenukira kwa amayi. “Mayi, mwanayu ali wamng'ono anadwalapo mawondo kapena zigongono zotupa, ululu wake wosamukasamuka?” Amayi anaganiza kaye, kenako anati, “Eya adokotala, ali sitandade 4. Linayamba bondo ili, litasiya kunabwera kakolo, kenako chigongono. Tinkati ndi nyamakazi, tinamuthowa ndi madzi otentha mpaka zinatha zokha.” Anafunsanso za mano. Apa mng'ono wanga anaulula kuti dzino lakumapeto linali lobooka kwa nthawi yaitali, nkhama zinkatupa ndi kutuluka magazi, ndipo analizulitsa kutatsala pang'ono kuti thupi liyambe kutentha.

Mafunso awiri amenewa ndiwo anamanga nkhani yonse, ndipo palibe amene anali atatifunsapo. Mtima uli ndi mavavu 4, ndipo ntchito yawo ndi yofanana ndi ya kalabala ka mu mjigo kamene kamalola madzi kukwera koma osabwerera pansi. Mwana akadwala zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi mabakiteriya otchedwa group A streptococcus, ndipo osalandira penicillin, thupi polimbana nawo nthawi zina limasokonezeka n'kuyamba kuwononga mfundo za mafupa ndi mavavu ake omwe. Zimenezi zimagwira kwambiri ana a zaka 5 mpaka 15. Mfundo zimachira, koma vavu imatsala ndi zipsera, ndiyo nthenda imene amaitcha rheumatic heart disease. Mwana amakula bwinobwino, kusewera fulaye ndi kutunga madzi, osadziwa kuti vavu yake ikudontha. Kafukufuku amene anachitika m'boma la Lilongwe n'kusindikizidwa mu 2016 anapeza kuti ana pafupifupi 3 mwa 100 alionse amene anawaunika mtima anali ndi zizindikiro zoyambirira za nthendayi asakudziwa. Ndiye pa vavu yazipserayo ndi pamene mabakiteriya ochokera m'kamwa kapena pakhungu amapeza pogwira akalowa m'magazi. A m'kamwa amadwalitsa pang'onopang'ono, kwa masabata ngakhale miyezi, ngati mmene zinalili ndi ife. A pakhungu, otchedwa Staphylococcus aureus, ndi aukali, amatha kuwononga vavu m'masiku ochepa.

A clinical officer aja anachita chinthu chimene poyamba chinandidabwitsa. Wina anali atanena kuti angomuyambitsa mankhwala a TB poti zizindikiro zikufanana, iwo anakana. Anati ena mwa mankhwala a TB amafooketsanso mabakiteriya amenewa, moti thupi likhoza kuzizira, tonse n'kukhulupirira kuti inalidi TB, pomwe vavu ikudyeka. Anamupatsa mankhwala ochotsa madzi m'thupi kuti apume bwino, n'kulemba kalata yotitumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Anatilangiza kuti tikakafika tikatchule mankhwala onse amene anamwa, ngakhale ogula pa okala, osabisa n'limodzi lomwe.

Kuti atsimikize nthendayi amadalira zinthu ziwiri zikuluzikulu, ndipo zonse ziwiri sizipezeka m'zipatala zambiri zazing'ono. Choyamba ndi blood culture. Kumeneku si kuyeza magazi kwa pachala kapena kwa fulu buladi kumene tinazolowera. Amapukuta khungu bwinobwino, kutenga magazi ochulukirapo, kuwathira m'mabotolo okhala ndi chakudya cha mabakiteriya, n'kuwasunga pofunda kwa masiku angapo kuti ngati muli tizilombo timere, adziwe mtundu wake ndi mankhwala amene angatiphe. Mwalamulo lake amatenga katatu, pamalo osiyana, munthu asanayambe maantibayotiki. Apa ndiye pamene makapisozi aja anatipweteka. Mabotolo a mng'ono wanga sanamere kanthu. Adokotala anatifotokozera kuti chifukwa chachikulu chimene mabotolo amakhalira opanda kanthu pa nthendayi ndi maantibayotiki omwedwa magazi asanatengedwe. Ndiye kuti sakanadziwa dzina la mdani wake, anayenera kusankha mankhwala mongoyerekeza mabakiteriya amene amakonda kuchita zimenezi.

Ndikufuna pamenepa pamveke bwino, chifukwa ndi pamene ife abale tili ndi mphamvu. Makina a kuchipatala sitingawagule, koma kapisozi wa pa okala tikhoza kumukana. Munthu amene thupi latentha kopitirira sabata imodzi kapena awiri, LA wamwa osasintha, kumupatsa amoxicillin wa masiku atatu si kumuthandiza. Kumangofufuta mapazi a nthendayo kuti adokotala asaione.

Chachiwiri ndi echo, sikani ya mtima. Ndi yofanana ndi imene amaunikira amayi oyembekezera, koma amaika pachifuwa. Ndinaloledwa kukhala nawo m'chipindamo. Anamupaka mafuta ozizira oterera aja, anamugoneka chakumanzere, n'kuzimitsa getsi. Pa sikirini ndinkangoona zotuwa zikutseguka ndi kutseka, mpaka adokotala anaimitsa chithunzi n'kundilozera ndi cholembera. Pa vavu ya kumanzere, imene amati mitral, panali kanthu kolendewera, kakugwedezeka uku ndi uku mtima ukagunda. Atayatsa mitundu, ndinaona magazi akuthovokera m'mbuyo nthawi iliyonse vavuyo ikayesa kutseka. Kanthu kolendewerako ndiwo mulu wa mabakiteriya ndi magazi oundana. Anati kuopsa kwake n'kwakuti kachidutswa kakathothoka kamayenda ndi magazi, kakakatseka mtsempha wa mu ubongo munthu amachita sitiroko ngakhale ali wachinyamata, kakapita ku impso kapena ku kapamba kamawononganso kumeneko. Ndinamva miyendo kuzizira. Miyezi yonse ija ankasenza mabeseni a usipa ali ndi chinthu chimenechi mu mtima.

Anandiuzanso kuti ife tinachita mwayi kuti kanaoneka. Echo ya pachifuwa imatha kuphonya tinthu tating'ono kwambiri, makamaka nthenda ikangoyamba kumene, moti ikatuluka yabwino koma chikayikiro chilipo amayenera kubwereza pakapita masiku, kapena kugwiritsa ntchito echo ina yolowetsa kukhosi imene imaona mtima chapafupi. Choncho m'bale wanu akauzidwa kuti sikani yoyamba ili bwino koma thupi likutenthabe, musachite manyazi kufunsa ngati angaibwereze.

Ndinafunsa kuti, “Nanga adokotala, poti magazi sanaonetse kanthu, mwatsimikiza bwanji?” Anandiyankha moleza mtima kuti palibe kuyeza kumodzi kumene kumagamula nthendayi pakokha, n'chifukwa chake madokotala a ku Duke University ku America mu 1994 anakonza ndondomeko yowerengera zizindikiro, imene yakhala ikukonzedwanso, mu 2000 ndi mu 2023. Pali zizindikiro zikuluzikulu, monga mabakiteriya omera m'mabotolo ndi zooneka pa echo, ndipo pali zing'onozing'ono, monga vavu yowonongeka kale, kutentha thupi kofika madigiri 38, ndi tizotupa towawa ta kunsonga kwa zala. Zikuluzikulu ziwiri zimakwanira. Chachikulu chimodzi ndi zing'onozing'ono zitatu zimakwaniranso, ndipo mng'ono wanga anagwera pamenepa. Kachotupa kaja tinkati ndi minga ya nsomba kanalowa nawo m'chiwerengero. Tizotupa timeneti timatchedwa ndi dzina la William Osler, dokotala amene anafotokoza nthendayi mwatsatanetsatane kalekale mu 1885. Zinandikhudza kuti nthenda yodziwika kwa zaka zoposa 100 ikhoza kuzembabe anthu ophunzira, chifukwa chongoti zizindikiro zake zimabwera chimodzichimodzi, ndipo aliyense amaona chimene chafika pa tebulo lake tsiku limenelo. N'chifukwa chake buku lakuchipatala ndi lofunika kwambiri. Ena akapita kuchipatala china amagula buku latsopano poopa kukalipiridwa kuti akuyendayenda. Musatero. Mbiri yonse ikakhala pamodzi ndi pamene munthu woganiza amaona kuti apa pali china.

Chithandizo chake ndi chachitali. Maantibayotiki amalowera m'mitsempha kwa masabata 4 mpaka 6, ndipo iye anamulembera 6. Mankhwala ena ankabwera ngakhale pakati pa usiku. Mitsempha ya m'manja inatopa, kanula ankangosamutsa, lero dzanja ili mawa linalo, mpaka manja onse anachita mabala akuda. Amodzi mwa mankhwalawo, gentamicin, amatha kupweteka impso ndi makutu, ndiye ankamuyeza magazi pafupipafupi ndi kumufunsa ngati akumva kulira m'makutu kapena chizungulire. Thupi litazizira, chilakolako cha nsima chitabwerera, iye anayamba kulira kuti akufuna kwawo. “Achemwali, ndachira ine, apempheni anditulutse ndizikamwera kunyumba.” Imeneyi ndiyo nthawi yoopsa, chifukwa wodwala amaoneka bwino koma mabakiteriya a mkati mwa mulu uja amakhala asanathe. Pa wodi yomweyo ndinaona anthu akutulutsa odwala awo msanga chifukwa ufa ndi makala zatha kwa gadiyani, kapena chifukwa kumunda kwachita thengo. Sindingawaweruze, ugadiyani wa ku Lilongwe ndi wodula kwa munthu wochokera kunyanja. Ife tinagawana: amayi ankagona naye, ine ndinkabwera kumapeto a sabata ndi ufa ndi usipa, alongo athu ankatumiza ndalama pafoni. Ngati mwauzidwa kuti ndi nthenda imeneyi, khalani pansi pachibale tsiku loyamba lomwelo n'kugawana masabatawo, musadikire kuti mmodzi atope.

Mabakiteriya anatha, koma vavu sinabwerere mwakale. Ikudonthabe. Odwala ena pa nthendayi amafunika opaleshoni yokonza kapena kusintha vavu, makamaka mtima ukayamba kulephera kapena mankhwala akakanika, ndipo Amalawi ambiri ofunika opaleshoni yotere amachita kutumizidwa kunja, monga ku India, atadikira pa mndandanda. Iye pakadali pano akumuyang'anira ndi echo nthawi ndi nthawi komanso mapilitsi a mtima.

Masabata 4 alionse amakabayitsa jakisoni wa benzathine penicillin. Ndi wowawa, amatsimphina tsiku lonse, koma sadumphitsa. Jakisoniyu ntchito yake ndi kuteteza kuti nthenda ija ya zilonda zapakhosi isabwerenso kudzawonjezera zipsera pa vavu. Sateteza mabakiteriya onse olowa m'magazi, ndiye anamuuza kuti asamadzione ngati watetezeka ku chilichonse. Munthu amene anadwalapo endocarditis akhoza kuidwalanso mosavuta kuposa ena. Amatsuka mano m'mawa ndi madzulo, dzino likayamba kubooka amapita msanga, ndipo asanazulidwe dzino kapena kukonzedwa nkhama ayenera kunena za mtima wake kuti amupatse maantibayotiki oyambirira. Mphini, kuboola makutu paliponse ndi kufinya zithupsa anamuletsa. Anamuuzanso, amayi ali pomwepo, kuti akadzafuna kukhala ndi pakati ayambe wakambirana ndi adokotala a mtima, chifukwa mimba imawonjezera ntchito ya mtima ndipo mankhwala ena amayenera kusinthidwa.

Patsamba loyamba la buku lake analembapo ndi zilembo zikuluzikulu dzina la nthendayi. Thupi likangotentha amapita kuchipatala tsiku lomwelo, amayezetsa malungo ngati wina aliyense, koma amaonetsa tsambalo ndi kunena kuti asanamupatse maantibayotiki aganizire zotenga magazi a m'mabotolo. Ana ena onse a pakhomo pathu tinapita nawo kuchipatala kuti akawamvetsere mtima, ndipo mwana wa alongo athu atadandaula pakhosi thupi likutentha, osatsokomola kapena kuchita chimfine, tinapita naye kuchipatala m'mawa mwake ndipo analandira penicillin.